Mvuu Yophika Buledi ndi Dzina la a Fanuelo

Ikani mafoniwo pansi kaye. Iwe Tadala, usandiyang'ane ngati ndakulanda mbale, foniyo ilibe miyendo. Mphatso, sendera kuno ukhale pamene ndingakuone, chifukwa iwe ukakhala kuseri kwa mpando umayamba kusinza.

Dzulo ku molo, kumasitolo akuluakulu kuja, munandiseka, ndinakumvani bwinobwino. Tinapita kukagula nsapato za sukulu, ine n'kukaima pa windo la sitolo ya zidole mpaka amayi anu anachita kubwerera kudzandikoka dzanja. Tadala unandikuwira m'Chizulu chako chija kuti, "Hayi bo, mkhulu akufuna toyi!" Odutsa anaseka, nanenso ndinaseka nawo kuti zipite. Koma unandigunda pachilonda, mdzukulu wanga. Pa windo paja ndimafunafuna bokosi lina la tinjerwa tapulasitiki tomangira, lakalekale, limene ndikuona kuti anasiya kupanga. Ndinayang'ana onse, a ndege, a magalimoto a mpikisano, a nyumba za mafumu, koma langa lija panalibe. Ndimalisowa bokosi limenelo, ndipo ndimachita manyazi kuti ndimalisowa, chifukwa ndi limene linandichititsa kupha dzina la munthu wosalakwa. Amayi anu nkhaniyi sakuidziwa. Agogo anu aakazi ku Ntcheu sakuidziwa. Oyamba kuimva ndinu.

Ine kuno ku Joni ndinafika mu 2008, imvi zitayamba kale. Inu mumaona ngati Cosmo City ino ndinabadwiramo, ayi. Poyamba ndinkakhala ku Randburg, m'kachipinda kuseri kwa galaja ya madamu ena achizungu, mayi wamasiye, amene ndinkawasamalira maluwa ndi kapinga. M'kachipindamo munali bedi, kasitovu ka magetsi, ndi msomali wopachikapo jekete. Chinali chaka chija eni dziko anatiukira ife obwera. Mu takisi umakhala duu, kuopa kuti lilime likugulitsa. Lamlungu ndikachoka ku tchalitchi ndinkabwerera molunjika, n'kudzitsekera, n'kumayang'ana denga mpaka dzuwa kupendeka.

Chinanso chimene chinkandidya ndi ichi: sukulu ndinalekera sitandade 3. Inu mumawerenga Chingerezi ndi Chizulu uku mukutafuna chingamu, simungamvetse. Kwa ine pepala lililonse la m'tauni ino linali mdani. Chikwangwani cha pa msewu, fomu ya ku chipatala, botolo la mankhwala a maluwa, zonse ndinkachita kupempha munthu kuti, "Tandiwerengerani apa, magalasi ndaiwala." Magalasi ake ati? Tsiku lina ndinapopera maluwa a madamu ndi mankhwala opha udzu chifukwa mabotolo ake anali ofanana. Anangondiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kulowa m'nyumba. Bola akanandikalipira.

Kumudzi ndinasiya amalume anu a Limbani, mzime wathu, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inu mumawadziwa ndi ndevu zawo zija za pa foni, koma nthawi imeneyo kanali kamwana kowonda, kolongolola ngati wayilesi. Loweruka lililonse masana ndinkapita pa kontena ya mafoni kukaimba kwa aphunzitsi a pafupi ndi kwathu, chifukwa ndiwo anali ndi foni, ndiponso ndiwo anali ndi kanema woyendera batire la galimoto. Pa kanema ameneyo Limbani anaonera katuni ina imene inamudya mutu. Inali ya mvuu yonenepa, ya chipewa choyera chachitali, imene inkaphika buledi m'boti n'kumagulitsa kwa nyama za m'mphepete mwa mtsinje. Ine ndikufuna kumva za chimanga ndi mbuzi, mwana ali pa mvuu. "Ababa, lero uvuni unaphulika! Ababa, lero ng'ona inaba mabanzi!" Nthawi yanga yonse ya pa foni inkathera m'boti limenelo.

Nyengo yozizira ya chaka chomwecho madamu anaganiza zokonza m'galaja. Tinatulutsa mipando yothyoka, njinga yopanda matayala, makatani odyedwa ndi njenjete, ndipo pansi pa zonsezo panali bokosi lalikulu lafumbi. Analipukuta ndi dzanja.

"Wilisoni, ichi chinali cha mwana wanga," anatero madamu. "Pano ndi bambo wa dazi, ali kutsidya kwa nyanja, sangachifunenso. Suja unati uli ndi kamnyamata kwanu? Mtumizire."

Ndinayang'ana pa bokosipo. Mvuu yonenepa. Chipewa choyera. Boti lofiira la chumuni. Kani katuni imene kwathu inali yatsopano, kuno inali itakalamba kale. Loweruka limenelo sindinayende, ndinachita kuthamanga kupita pa kontena, ndipo ndisanapereke ngakhale moni ndinati, "Limbani, mvuu yako ija ndili nayo kuno, ndi boti lake lomwe." Mwana anakuwa mpaka foni inalira m'khutu. Ndinamulonjeza kuti ifika Khirisimasi isanakwane. Ndinalonjeza ndi pakamwa pangapa, wina sanandikakamize.

Mawa lake, Lamlungu, ndinati nditsegule ndingoona ngati zonse zilimo, kuti mwana asakakhumudwe. Ndinakhuthulira pa bulangete. Tinjerwa tofiira, tachikasu, tabuluu, tina tating'ono ngati nyemba, tonse ta timitu tozungulira pamwamba toti tizilumana ndi tinzake. Pansi pake panali kabuku. Nditakaona nkhope inagwa, ndinati basi, Chingerezi chanditsatira mpaka m'chipinda changa chomwe. Ndinatsegula tsamba loyamba. Munalibe mawu. Lachiwiri, munalibe mawu. Zithunzi zokhazokha: tenga aka, ika apa, kamuvi kakuloza. Ndinatenga kanjerwa kofiira, ndinakakanikiza pa kanzake, n'kumva kuti tcha!

Ana inu, limenelo ndilo buku loyamba m'moyo wanga kuliwerenga ndekha kuyambira koyamba mpaka kumapeto, popanda kunamizira magalasi. Pamene dzuwa limafika pa mpanda, boti linali litaima pa bulangete langa. Uvuni wake unali ndi kachitseko kotseguka, mkati muli timabuledi tabulauni totha kutuluka. M'mbali munali kazenera kogulitsirapo, kutsogolo chiwongolero chozunguliradi, ndipo mvuu inkaima pamenepo, chipewa chake chovulika. Inu mumamanga nyumba zanu m'mafonimo ndi chala chimodzi, osamva kulemera kwake, osapweteka n'chikhadabo chomwe pomatula. Zija zinali zogwirika. Ndinaliyang'ana botilo, ndinalitembenuza, ndinaseka ndekha. Kenako ndinaliphwasula lonse kuti ndilongedze. Nditaphwasula, ndinalimanganso.

Musadabwe kwambiri. Ife tili ana zidole tinkaumba tokha. Ku dambo tinkakumba dothi la makande n'kuumba ng'ombe za malinunda, nyanga zake za minga, n'kuziyanika pa mwala. Ine ndinali katswiri, anzanga ankandipatsa mbatata yootcha kuti ndiwaumbire. Koma bambo anga, amene anachoka ku migodi ya konkuno ali ndi chifuwa ndi ukali, anandipeza tsiku lina ndikuumba, ng'ombe zenizeni zili m'munda mwa eni ake. Zanga zija anaziponda zonse ndi jombo uku akutukwana m'Chifanakalo, chiyankhulo chawo chija cha ku migodi, ndipo kuyambira pamenepo sindinaseweretsenso kanthu. Ndiye taganizani, patapita zaka makumi anayi, munthu wa imvi ali yekha, chitseko chokhoma, woponda palibe.

Tsopano ndikuuzeni za a Fanuelo. Anali a mudzi woyandikana ndi wathu, ntchito yawo ya utransipota. Katundu wopita kumudzi tinkapereka kwa matransipota, anthu a galimoto zokoka ngolo amene ankadutsa Zimbabwe ndi Mozambique mpaka kukatula pakhomo pako. Panalibe zolemberana. Umalemba dzina pa chikwama, kugwirana chanza, basi. Chuma chonse cha transipota ndi dzina lake. Galimoto ikhoza kukhala yakutha, yofuna kukankha m'mawa uliwonse, koma dzina likakhala loyera anthu amabwera. La a Fanuelo linali loyera mbee. Anali munthu wamfupi, wofatsa, woyankhula ngati akupepesa, ndipo mankhwala a nkhalamba ndi makalata ankanyamula ulere.

Kumayambiriro kwa Disembala ndinakonza zikwama ziwiri zamizeremizere zopita nazo ku Doornfontein kumene ankapakira. Munali mabulangete, mafuta ophikira, sopo, nsapato, ndi chitenje cha agogo anu. Bokosi la mvuu ndinalitulutsa pansi pa bedi m'mawa umenewo, ndinalimanga ndi chingwe, ndinaliika pakhomo. Ndinavala jekete. Ndinaliyang'ana. Ndinaganiza za Lamlungu likubweralo, ndi linalo, ndi Khirisimasi ya ndekha m'kachipinda kaja madamu atapita kutchuthi. Ndinalibwezera pansi pa bedi. Mumtima ndinati lipita ulendo wa Januwale, mwezi umodzi si kanthu.

"Katundu ndi yemweyu, a Wilisoni?" anafunsa a Fanuelo akumanga zingwe pa ngolo.

"Ndi yemweyu."

"Shapu. Lachinayi akhala atafika."

Anafikadi Lachinayi. Limbani anadikira pa msewu kuyambira m'mawa, osadya. Loweruka pa foni sanandifunse n'komwe kuti ndili bwanji.

"Ababa, boti lija mulibe. Tafufuza zikwama zonse ziwiri. Amayi akutumula ngakhale mabulangete."

Ndikanati ndinaiwala. Ndikanati linatsala, libwera ulendo wina. Mwana akanalira pang'ono n'kutonthola. Koma ine manyazi anandigwira, ngati kuti mwanayo akundiona kudzera pa foni ndili chogwada pa bulangete ndi chidole chake. Pakamwa panayankha mutu usanaganize.

"Mulibe bwanji? Ndinapereka m'manja mwa a Fanuelo."

Agogo anu aakazi mumawadziwa. Chaka chatha anakukalipirani chifukwa chotaya madzi osamba pakhomo, ndipo munabwerera kuno mukunenabe. Ndiye ganizirani atamva kuti wina wadya Khirisimasi ya mzime wawo. Anamanga chitenje m'chiuno, anayenda mpaka kwa a Fanuelo, anaima pabwalo n'kuyamba. Akuti anthu anasiya makasu m'minda kudzamvera. Pofika madzulo midzi yonse yozungulira inali itadziwa kuti transipota uja amaba ngakhale zidole za ana.

A Fanuelo atabwerera kuno anandipeza ku tchalitchi. Ndinkayembekeza ndewu. Iwo anandikokera pambali, chipewa chili m'manja.

"A Wilisoni, ine bokosi limenelo sindikulikumbukira, eish, ndayesa. Koma pa boda amatitsitsitsa katundu yense, mwina linatsalira pamenepo. Ngati ndi choncho kulakwa ndi kwanga. Pepani."

Munthu kupepesa ine! Ndinangoti, "Zimachitika, akulu." Ulendo wotsatira anagula mpira wachikopa kukampatsa Limbani kuti amutonthoze. Mpirawo ndiwo unawamaliza. Anthu anati mwaona, akanakhala kuti sanabe akanagula mpira? Ana anayamba kuthamangira galimoto yawo akuimba kuti mvuu yameza boti, mvuu yameza boti. Dzina loti Fanuelo linafa, kunatsala loti a Mvuu. Aliyense amene anatayapo kanthu kalekale, ngakhale supuni, anakumbukira kuti kanakwera galimoto yawo. Pang'onopang'ono anthu anayamba kupereka katundu kwa ena, ngolo yawo n'kumapita theka.

Mukufuna kundifunsa kuti nanga Januwale uja bwanji. Ndikanalitumiza bwanji? Chinthu chimene chinatayika pa boda chingatulukire bwanji pansi pa bedi langa? Bodza linatseka njira. Ndipo apa ndi pamene pali manyazi enieni, Tadala, usayang'ane kumbali: sindinasiye kusewera. Lamlungu m'mawa ndinkakhala benchi limodzi ndi a Fanuelo, kuimba nawo limodzi, masana n'kukhala pa bulangete ndi mvuu yanga. Kabuku kaja ndinafika pokaloweza, ndinkamanga osakatsegula. Kenako ndinayamba zanga. Botilo ndinalisandutsa chigayo, tsiku lina golosale, tsiku lina nyumba ya zipinda zitatu imene ndinkafuna kudzamanga ku Ntcheu. Mvuu ndinkaiyankhulitsa Chichewa, ndipo mu Randburg yense inali yokhayo yondifunsa kuti ndaswera bwanji. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinkavutika mumtima nthawi zonse, koma ayi, ana inu. Nthawi zambiri ndinali wokondwa.

Zinatha zaka ziwiri. Paja akuluakulu amati mlandu suola. Madamu anandipatsa firiji yakale, ndipo ine, pofuna kuziziritsa mtima wanga, ndinati ntchito yoinyamula kupita nayo kumudzi ndipatse a Fanuelo. Tinapangana Lolemba. Iwo anaona kuti Lamlungu masana msewu sukhala wodzaza, n'kungobwera. Kunali kotentha, chitseko ndinasiya chotsegula, ndipo geti anawatsegulira ndi madamu. Ine ndili chogwada, msana kukhomo, mvuu m'dzanja, ndikunena ndi mawu onenepa kuti, "Mabanzi otentha, mabanzi otentha, bwera ng'ona udzagule!"

"Odi."

Ndinatembenuka. Anaima pakhomo, chingwe chomangira firiji chili paphewa. Sanayang'ane ine. Anayang'ana boti lofiira, chumuni, ndi bokosi lija litatsamira bedi, chithunzi chake chili poyera. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa, anakhala pa bedi osauzidwa, n'kutambasula dzanja. Ndinawapatsa mvuu ija. Anaitembenuza, anaivula chipewa, anaivekanso.

"Ndiye mvuu yake ndi imeneyi," anatero. "Ine ndimaiganizira yaikulu."

Ndinayamba za kuti ndimafuna kutumiza, za kuti ndinali ndekha, mawu osagwirana n'komwe. Anandidula modekha.

"A Wilisoni, mwana wanga wamkazi anasiya kupita kumsika chifukwa cha kanthu aka. Mkazi wanga ku mjigo amatunga yekha, anzake atachoka."

"Ndikhululukireni, akulu. Kawauzeni. Kawauzeni zonse mwaonazi."

Anapukusa mutu. "Ndikawauze ine? Mawu a wakuba amamva ndani? Adzati a Mvuu apeka ina. Pakamwa pamene panatuluka nkhaniyi ndi pamene pangaibweze. Foni muli nayo masiku ano. Muimbe."

"Ndiimba mawa."

"Chabwino. Longedzani, ndikampatse mwana chinthu chake. Wadikira mokwanira."

Ndinaphwasula boti komaliza iwo akuyang'ana. Ndipo ndikuuzeni kuipa kwa mtima wa munthu: pamene ndinkatseka bokosilo, chimene chinkandiwawa kwambiri sanali a Fanuelo ayi. Ndinkaganiza kuti Lamlungu likubweralo ndidzatani.

Mawa lija ndinatenga foni, ndinaiyang'ana, ndinati ndidikire katundu afike kaye. Atafika ndinati ndidikire mitima izizire. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Amene anaimba ndi agogo anu, mawu ali m'mwamba ndi chisangalalo. Paja amanditchula ndi dzina la amayi anu.

"Bambo a Esinati, Mulungu ndi wamkulu! Wakuba uja manyazi amugwira, wabweza bokosi lija. Lili lakutha, zikuoneka kuti ana ake akhala akuseweretsa nthawi yonseyi."

Ndinafunsa kuti Limbani wati bwanji. Anati mwanayo analandira bokosi pamaso pa anthu, anayang'ana a Fanuelo m'maso n'kunena kuti, "Zotsala za akuba ine sindiseweretsa." Analikhuthulira pansi pomwepo, ana a m'mudzi n'kutolerana tinjerwa, aliyense kake. Agogo anu atamaliza kufotokoza anadikira kuti ndinenepo kanthu. Ndinati, "Chabwino, bola wabweza."

Chaka chotsatira ndinapita kumudzi kutchuthi. Thupi la boti lija ndinalipeza ku bafa, agogo anu akuikamo sopo. Mvuu sindinaionenso. Tsiku lina tikuchokera ku dimba, Limbani, amene anali atatalika mpaka paphewa panga, anandiona ndikuyang'ana kanjerwa kachikasu kamene kanakwiririka m'njira. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ababa, musadandaule. Ine ndimadziwa kuti inu munatumiza. Inu simunama." Ndinamusisita m'mutu, n'kumufunsa za sukulu.

Nditabwerera kuno ndinkalowa m'masitolo aja ogulitsa zinthu zakale za azungu, kufufuza m'madengu a zidole, ndikunamizira kuti ndikufunira adzukulu. Inu munali musanafike n'komwe. Sindinalipeze.

A Fanuelo sanandifunsenso. Tikakumana ankandipatsa moni ngati kale, n'kundiyang'ana pang'ono, kudikira, kenako n'kupitirira. Kuyang'ana kumeneko ndinakuthawa. Ndinasamukira tchalitchi china, ndipo amayi anu atabwera n'kupeza nyumba ino ndinasangalala kuti Cosmo City ili kutali ndi Doornfontein. Galimoto anagulitsa. Anamaliza akupakira katundu pa ngolo za anzawo, ena a iwo anyamata amene anawaphunzitsa okha njira.

Anamwalira mu 2016 atadwala miyezi ingapo. Tisanatumize thupi kumudzi tinasonkhana a kwathu tonse, ndipo poti ine ndinali wamkulu wa kudera kwathu, anati ndiyankhulepo. Taonani mwayi umene Mulungu anandipatsa: anthu odzaza, mwana wawo wamwamuna Dalitso ali kutsogolo, malemu ali gone apo. Ndinaima. Ndinati, "Malemuwa anali munthu wokhulupirika." Kumbuyo wina anatsokomola, wina n'kunong'ona mokweza kuti, "Kupatula pa maboti." Anthu anabisa nkhope, mapewa akugwedezeka. Pa maliro! Dalitso anaweramitsa mutu. Ine ndinatsala pang'ono kuulula zonse. Ndinayang'ana anthu aja, amene ankanditchula kuti bambo, amene ankabwera kwa ine ndi milandu ya mabanja awo, ndinaganiza mmene adzasekere akamva za mabanzi otentha. Ndinati, "Mzimu wawo uuse mumtendere," n'kukhala pansi.

Mphatso, ukundiyang'ana ngati sukundidziwa. Sukulakwa. Agogo ako amene amakuuza kuti bodza ndi tchimo ndi omwewa.

Tsopano mverani chimene ndakukhazikirani pansi. Dalitso uja wapeza kagalimoto, wayamba ntchito ya bambo ake chaka chino. Ndi mnyamata wabwino, wofatsa chimodzimodzi, koma ngolo yake ikupita yopanda kanthu chifukwa anthu amati ndi mwana wa Mvuu. Amalume anu a Limbani akubwera kuno Loweruka kudzafuna ntchito. Dalitso anawauza kuti akwere naye ulere, poti ndi a kumodzi. Dzana pa foni a Limbani anandiuza akuseka kuti, "Ababa, ndakana, ndikwera basi. Mwana wa mvuu ndi mvuu, angandimezere chikwama." Anadikira kuti ndiseke nawo. Ulendo uno sindinathe.

Ndiye Loweruka tikawalandira ku siteshoni, tikafika nawo pano, akadya, ndiwauza. Kenako ndiimbira agogo anu aakazi, ndipo ndikuthokoza kuti pakati pa ine ndi iwo pali maboda atatu. Kenako Dalitso ndi amayi ake, ndipo Lamlungu ndikaima ku tchalitchi chakale chija pamaso pa onse. A Fanuelo sadzamva, ndachedwa, koma mwana wawo akadali ndi ngolo yoti idzaze. Ndayamba ndi inu chifukwa ndimafuna ndione ngati mawuwa angatuluke n'komwe, ndipo atuluka, sindinafe.

Koma ndikudzidziwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti mawa. Loweruka ndikhoza kukhala pa mpando uwu, kutsegula pakamwa, n'kuyamba kufunsa za mvula ya ku Ntcheu, za feteleza, za amene wakwatira ndi amene wamwalira, mpaka tsiku kutha. Ndiye ndikukupatsani ntchito. Tadala, iwe udzakhale kumanja kwanga, Mphatso kumanzere. Mukangomva ndayamba za mvula, musadzandichitire ulemu. Mphatso udzandikoke malaya. Tadala udzanene mokweza, ngati muja unakuwira ku molo, kuti, "Agogo, auzeni amalume za a Fanuelo." Ndikakuyang'ana ndi diso lofiira, udzanenenso.